Chimawatopetsa n'chiyani abale athu ku Durban?

Mwezi wa June ndidakumana ndi alamu anga pa Lizulu, m'mawa dzuwa lisanaboole chifunga. Aliyense pamsika adali atadzikuta. Amayi ogulitsa kachewere adafunda zitenje ziwiriziwiri, anyamata oitanira minibasi manja ali m'khwapa. Alamu okha ndiwo adali mu shati ya manja aafupi, jekete atalikoleka paphewa.

“Alamu, kodi simukumva kuzizira?” ndidawafunsa.

“Isiyeni indimenye, alamu. Mphepo imeneyi ndakhala ndikuilota zaka 6.”

Adali atangobwera kumene kuchokera ku Durban, ndipo adati sabwererakonso. Boma silidawathamangitse, ntchito sadawachotse, sakudwala. Aliyense wowafunsa kumudzi amamuyankha mawu amodzimodzi: “Ndatopa nako.” Anthu sadawamvetse, ndipo ena mpaka lero amanong'onezana kuti pali chimene akubisa. Paja ankaona zithunzi zawo pa WhatsApp ataima pamchenga, nyanja ili kumbuyo, kapena pafupi ndi bwalo la mpira la Moses Mabhida lokhala ndi uta pamwamba lija. Nyumba ya malata idamangidwa, feteleza ankabwera chaka ndi chaka. Munthu angatope bwanji ndi malo otere?

Funsoli liyenera kuyankhidwa bwino, chifukwa kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza n'kovuta kupeza mudzi wopanda mwana ku Joni, ndipo ena mwa ana amenewa sali ku Johannesburg kwenikweniko, adapitirira mpaka kunyanja. Komanso otopa ndi Durban si alendo okha. Eni mzinda nawo akudandaula, ndipo opeza bwino ambiri asamukira ku Umhlanga ndi ku Ballito, ena mpaka ku Cape. Mmene ndikuonera ine, zimene zimakokera anthu kumzinda wotere, kufunda, nyanja ndi doko, ndi zomwezo zimene zimawafoola pang'onopang'ono. Walira mvula walira matope. Koma matope ake sagawidwa mofanana. Amachuluka kapena kuchepa malinga ndi pamene munthu amagona.

Choyamba kumulonjera mwana wa kumapiri akatsika basi ndi kutentha. Boma la Dedza lidakwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe Durban ili pansi penipeni, m'mphepete mwa nyanja ya India. M'nyanjamo, kufupi ndi gombe, mumayenda mtsinje wa madzi ofunda wotchedwa Agulhas, wotsika kuchokera cha ku Mozambique. Madzi ofunda amatulutsa nthunzi yambiri, n'chifukwa chake mpweya wa mumzindawo umakhala wonyowa, makamaka kuyambira December mpaka March.

Wina anena kuti kutentha timakudziwa, tikatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti mu October timakumana nako. N'zoona, ndipo pa manambala ku Golomoti kumatentha kuposa, poti masana a February ku Durban kawirikawiri amangofika madigiri 28 kapena 30. Koma kutentha kwa October wathu n'kouma. Thukuta likatuluka limauma, ndipo poumapo limachoka ndi kutentha kwa m'thupi. Umu ndi mmene thupi limadziziziritsira, ndiye ukakhala pamthunzi wa mango umapezako bwino. Mpweya ukakhala utakhuta kale chinyezi, thukuta limasowa kopita. Limangokhala pakhungu, malaya n'kumamatira kumsana, munthu kuchoka kosamba thukuta lili kale kamukamu. Usiku simenti ndi phula zimabweza kutentha kumene zidamwa masana, ndipo nthawi zambiri sikutsika pansi pa madigiri 20.

Tsono taganizani za chipinda cha malata pamwamba ndi m'mbali momwe, kazenera kamodzi, kamenenso umakatseka poopa akuba. Alamu akuti m'miyezi imeneyi ankanyowetsa thaulo n'kuliyala pachifuwa, matiresi ataiimika kukhoma, iwo atagona pansi. Tulo tinkabwera cha m'ma 2 koloko, pomwe 4 koloko ayenera kudzuka kuti akapeze takisi. Munthu wosagona miyezi itatu sachedwa kupsa mtima, kuntchito amalakwitsa, ndipo kamkangano ka pampope kamasanduka ndewu. Zimenezi sizioneka pa chithunzi.

Chinyezicho sichilekera pathupi. Nsapato zachikopa ukazisiya kunsi kwa bedi masabata awiri umazipeza zitachita chuku. Alamu adagula suti yoti adzavale tsiku lobwerera kumudzi, n'kuisunga bwinobwino m'sutikesi. Pomadzaitsekula adaipeza ili mawangamawanga, ikununkha ngati nkhokwe yodontha. Ufa sukhalitsa, mphemvu zimaswana chaka chonse poti kulibe chisanu chozipha. Mphepo yochokera kunyanja imanyamulanso mchere, ndipo mchere umadya chitsulo. Kuno malata ukakhoma umaiwala zaka zambiri, koma kugombe dzimbiri silichedwa kugwira malata, loko wapachitseko, njinga, filiji, ngakhale kunsi kwa galimoto. Olemera nawo amalira nazo: kupenta nyumba pafupipafupi, kusintha mageti, bilu ya magetsi yokwera chifukwa cha makina oziziritsira m'nyumba. Mu 2023, pamene Eskom inkathimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse m'dziko lonselo, makinawo adangokhala chete ndipo wolemera ndi wosauka adaotcheka limodzi.

Ndisaunamizire mzindawu. Mu June ndi July, ife tikuwotha mbaula, ku Durban kumakhala kadzuwa kokoma, kopanda chinyezi chambiri, ndipo anthu amasambira m'nyanja. Wopitako sabata imodzi nthawi imeneyo amabwerako akuuyamikira, ndipo sakunama. Kungoti iye sadagoneko mu February.

Nkhani yachiwiri, imene ndimaiona kuti ndiyo muzu wa zambiri, ndi ya malo. Lilongwe ikadzaza imafutukuka mbali zonse. Mzinda wa kugombe sungatero, chifukwa mbali imodzi ndi madzi. Ku Durban mbali inayo ndi zitunda ndi zigwa zokhazokha, zodulidwa ndi mitsinje monga uMngeni ndi uMlazi. Malo afulati a kufupi ndi nyanja adatengedwa kalekale ndi doko, limene ndi lalikulu kuposa onse m'South Africa pa nkhani ya makontena, komanso mafakitale, mahotela ndi nyumba za opeza bwino. Kalembera wa 2022 adapeza anthu oposa 4.2 miliyoni m'dera la khonsolo ya eThekwini, imene imayang'anira Durban, ndipo onsewa akulimbirana kamtunda komweko.

Tsankho lidaonjezera chipsinjo pa vutoli. Lamulo la Group Areas Act la 1950 lidagawa malo okhala potengera khungu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi m'ma 1960 anthu a ku Cato Manor, kufupi ndi pakati pa mzinda, adasamutsidwa mokakamiza, akuda kupita ku KwaMashu ndi ku Umlazi, amwenye ku Chatsworth. Ulamuliro watsankho udatha mu 1994 koma mzinda udatsala mmene adaumangira: ntchito kuno, antchito kutali. Choncho wosauka amasankha pakati pa zowawa ziwiri. Akafuna chipinda cha njerwa apita kutali, ndipo gawo lalikulu la malipiro lithera m'matakisi, nthawinso n'kuthera pamsewu. Akafuna kuyandikira ntchito alowa m'zisakasa zimene eni ake amati mjondolo, zomangidwa pamene wina aliyense adapakana, pamtsetse wa phiri kapena m'mphepete mwa mtsinje. Midzi ya zisakasa yotereyi mu eThekwini ilipo yoposa 500. Moto ukabuka m'chisakasa chimodzi, kaya ndi kandulo, chitofu cha parafini kapena waya wa magetsi wolumikiza mwachinyengo, umanyambita mzere wonse. Sizodabwitsa kuti gulu lomenyera ufulu wa okhala m'zisakasa la Abahlali baseMjondolo lidabadwira ku Durban komweko, ku Kennedy Road, mu 2005.

Nanga ndalama? Mu March 2025 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku South Africa adali R28.79 pa ola. Ukawasintha kupita mu kwacha, makamaka kuchokera pamene ndalama yathu idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amaoneka ngati chuma. Apa ndi pamene ife otsala kumudzi timasokonekera, chifukwa timawerengera malipiro mu kwacha n'kuiwala kuti lendi, takisi, magetsi ndi ndiwo zimalipidwa mu randi. Kuno mayi akatuluka kuseri kwa nyumba amabwera ndi nkhwani, chisoso kapena bonongwe. Kumeneko ngakhale tomato mmodzi ndi wogula. Ndiponso wopanda mapepala sangakakamire malipiro a lamulo, poti bwana amadziwa kuti sangakadandaule kulikonse, ndipo pageti pali ena odikira m'dziko limene anthu oposa 30 mwa 100 alionse ofuna ntchito alibe ntchito. Pano ndinene mosabisa kuti ifenso tili ndi mbali yathu. Foni ikalira kuchokera kumudzi, kawirikawiri sikhala yofunsa kuti mwagona bwanji. Imakhala ya feteleza, ya fizi, ya maliro, ya denga lasasuka. Wotumizayo amachita manyazi kunena kuti mwezi uno wadya buledi ndi tiyi, ndiye amakongola n'kutumiza.

Zonsezi munthu amatha kuzipirira. Chimene chidathyola mitima ya ambiri ndi madzi. Pa 11 ndi 12 April 2022 madera ena a Durban adalandira mvula yoposa mamilimita 300 m'maola 24, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mvula ya chaka chonse. Nthaka ya m'zitunda zija idakhuta n'kuyamba kugumuka, mitsinje idasefukira. Anthu oposa 400 adafa ndipo oposa 40,000 adasowa pokhala. Amene adaona zimene zidachitika ku Chilobwe mu March 2023, matope atatsika m'phiri la Soche nthawi ya namondwe Freddy, safunika kuwafotokozera zambiri.

Alamu adali m'chisakasa chakumunsi kwa mtsetse. Akuti pakati pa usiku adamva phokoso ngati lole ikukhuthula miyala, kenako mayi wina wachizulu woyandikana naye nyumba akumenya chitseko, akukuwa kuti atuluke. Potsitsa mwendo pabedi, madzi adali m'mawondo. Adangotola foni ndi jumbo imene ankasungamo pasipoti, n'kuilowetsa m'malaya. Kutacha adaona kuti mzere wa zisakasa umene udali kumtunda kwawo palibe, patsala chilonda chofiira paphiri. Adagona masabata angapo muholo pamodzi ndi anthu ena ambirimbiri. Chimene samaiwala, akuti, n'chakuti patangotha mwezi anthu adayambanso kukhoma malata pamalo pomwe paja, iwonso ali m'gulu, poti kwina kopita kudalibe. Kuyambira pamenepo mvula ikayamba kugunda padenga usiku ankakhala tsonga mpaka itakata.

Mvula yoopsa si yachilendo kuderalo, mu September 1987 idaphanso anthu mazanamazana ku Natal. Koma akatswiri a zanyengo a World Weather Attribution ataunika ya 2022 adapeza kuti kusintha kwa nyengo kwachititsa kuti mvula yotere izibwera kawiri kuposa kale, kamodzi pa zaka 20 m'malo mwa kamodzi pa zaka 40. Nyanja ikamafunda, nthunzi imachuluka, mitambo n'kumasenza madzi ambiri. Ndi vuto la gombe lonseli. Beira, kumene kumatsikira mafuta ndi feteleza wathu wambiri, idaphwasulidwa ndi namondwe Idai mu March 2019, ndipo amene amakaoda katundu ku Kariakoo amadziwa mmene chigwa cha Jangwani ku Dar es Salaam chimadzazira madzi mvula ikagwa.

Madzi atapita adasiya mavuto amene sadathe msanga. Fakitale ya Toyota ku Prospecton idaima miyezi ingapo, ndipo fakitale yaikulu ikaima amavutika ndi a maganyu omwe, ogulitsa zakudya pageti ndi ochapa zovala. Malo oyeretsera madzi a ku Tongaat adaonongeka, anthu n'kukhala pafupifupi theka la chaka akudikira madzi a m'mathanki a galimoto. Mapaipi ndi mapampu a suweji adasweka, zonyansa za m'zimbudzi n'kumatsikira m'mitsinje mpaka kunyanja, ndipo magombe ambiri akhala akutsekedwa nthawi ndi nthawi chifukwa cha tizilombo ta E. coli. Chilungamo chake n'chakuti mapaipiwo adali atakalamba kale mvula isanabwere, osakonzedwa mokwanira pomwe anthu ankachulukirachulukira. M'zaka zaposachedwapa, madzi oposa theka amene khonsolo imagula akhala asakubweza ndalama, ena kutayika m'mapaipi obooka, ena kubedwa. Apa ndi pamene pagona mkwiyo wa eni mzinda olipira misonkho. Munthu adagula nyumba yodula kuti aziona nyanja, lero akuuzidwa kuti mwana wake asalowemo. Mahotela ndi malo odyera amataya alendo, ndipo oyamba kuchotsedwa ntchito ndi operekera zakudya, otsuka mbale ndi alonda, ntchito zimene abale athu ambiri amagwira.

Chomaliza ndi mantha, ndipo awa amamugwira mlendo kawiri. Mu July 2021, pulezidenti wakale wa dzikolo Jacob Zuma atatsekeredwa m'ndende, ku KwaZulu-Natal ndi ku Gauteng kudabuka zipolowe zimene zidapha anthu oposa 350. Masitolo ndi nyumba zosungira katundu zidabedwa n'kutenthedwa, ndipo kwa masiku angapo anthu a ku Durban ankaima pamizere italiitali kufuna buledi ndi mafuta. Awo adali mantha a aliyense. Koma mlendo ali ndi akeake. Mu April 2015, patangopita masabata ochepa mfumu ya Azulu Goodwill Zwelithini italankhula mawu amene anthu adawamva kuti alendo alongedze katundu, ngakhale iyo idati adaimva molakwika, alendo adathamangitsidwa m'nyumba zawo n'kukasungidwa m'misasa ku Isipingo ndi ku Chatsworth. Boma lathu lidachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake. Mu March 2019 Amalawi ena ku Durban adathawiranso kupolisi usiku. Mu 2025 magulu odana ndi alendo adayamba kuima pazipata za zipatala za boma, kufunsa ziphaso ndi kubweza odwala.

Zimandiwawa ndikaganiza kuti makolo a Angoni a kwa Gomani adachokera kummwera komweko m'zaka za m'ma 1800. Mwana wa ku Lizulu, amene agogo ake amavina ngoma chishango chili m'manja, akafika kufupi ndi kumene mtundu wake udachokera amatchedwa kwerekwere, dzina lonyoza alendo. Komabe sindingaiwale kuti amene adamenya chitseko cha alamu usiku uja adali mayi wachizulu. Anthu akapanikizana pa ntchito imodzi, mpope umodzi ndi mzere umodzi wa kuchipatala, andale sachedwa kuwalozera woti amude, ndipo wosavuta kuloza ndi mlendo.

Mapepala amakulitsa manthawo. Mmalawi amaloledwa kulowa m'South Africa masiku 30 popanda viza, ndipo chilolezo cha ntchito kwa munthu wopanda maphunziro apadera n'chovuta kuchipeza. Masiku aja akatha, munthu amayamba kuyenda akucheuka. Akaberedwa sapita kupolisi, akadwala amazengereza, akaona galimoto ya apolisi amakhota njira, poopa kukathera ku Lindela kudikira kubwezedwa kwawo.

Ndiye bwanji otopawo sangonyamuka? Apa pali kusiyana ndi nthawi ya agogo athu. A Wenela ankapita pa kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Adazunzika m'migodi, ndipo ndege itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda adaimitsa ulendowo. Koma wopita nthawi imeneyo ankadziwa mwezi wobwerera, ankawerenga masiku. Wa lero alibe tsiku. Amati ndikangomaliza nyumba, kenako ndikangogula ng'ombe ziwiri, kenako mwana akangolemba Fomu 4. Kubwera chimanjamanja n'chipongwe, kukhalitsa ukutchedwa mtchona. Choncho amakhala pakati, mtima uli ku Tsangano thupi lili mu mjondolo, akusonkha mwezi ndi mwezi m'kagulu ka anthu akwawo kuti wina akamwalira mtembo wake udzakwere galimoto kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kumanda a makolo. Kutopa kwa mtundu umenewu sikubwera ndi tsoka limodzi. Kumaunjikana, usiku wopanda tulo pamwamba pa lendi, lendi pamwamba pa mvula, mvula pamwamba pa mantha, mpaka tsiku lina munthu n'kugula tikiti osauza aliyense.

Pano alamu akulima kachewere ndi kabichi kudimba, amagulitsa pa Lizulu pomwepo. Sakubisa kuti ndalama yake ndi yochepa, feteleza wakwera mtengo ndipo mavenda amagula motsitsa. Chovuta n'chakuti mwana wawo wachisamba watenga kale pasipoti. Mnzake wa kusukulu ali ku Durban ndipo amamutumizira zithunzi, wavala magalasi akuda, mafunde ali kumbuyo. Mnyamatayo adapita kwa bambo ake kukapempha ya basi.

Sadamukanize. Adangomuuza kuti, “Umuuze mnzakoyo ajambule chipinda chimene mukagone. Ajambule denga, ajambule zenera, kenako atuluke panja ajambule chimene chili kumtunda kwa nyumbayo ndi chimene chili kumunsi kwake. Ndikaziona, ya basi ndikupatsa.”

Patha masabata atatu tsopano. Mnzake uja watumizanso zithunzi ziwiri, zonse za kunyanja.